Mazinga Akumanzere

Loweruka, kuseri kwa nyumba zogundana za ku Huddersfield,
ndagwada pa katoni yonyowa.
Mvula ya kuno sigwa, imangolendewera
n'kumakulowa m'khosi pang'onopang'ono ngati ngongole.

Njinga yamoto yaima ndi mwendo umodzi.
Giya yachiwiri yakana kulowa chiyambire Lachitatu,
tsiku limene ndinaterereka pa mphambano ya ku Lockwood,
chopondera n'kupindika ngati chala cha nkhuku yowamba.

Zitsulo ndazipeza kwa anthu atatu.
Kandodo kachokera ku Hull, mu envulopu yothimbirira ndi oyilo.
Kamkono ka mano kachokera kwa mkulu wina wa ku Wales
amene analumbira kuti kamakwana pa njinga iliyonse.
Chopondera ndatola kwa ophwasula ku Bradford,
mapaundi asanu ndi atatu, dzimbiri n'labasela.
Ndaziyala pa nyuzipepala.
Zikuyang'anana ngati alendo pa maliro,
aliyense kufunsa mumtima: uyu ndi wakuchimuna kapena wakuchikazi?

Kamkono kalowa pa shafiti monyinyirika.
Kadontho kolozera malo ake palibe,
ndiye ndikungolota.
Dzino limodzi m'mwamba, chopondera chafika m'bondo.
Dzino limodzi m'munsi, chikugogoda felemu.
Ndaponda: gwe! yoyamba yalowa.
Ndakweza ndi chala: zii.
Ndakwezanso: nyutulo wabodza,
tayala likungozungulira, kundiseka.

Ndati vuto ndi kandodo, katalika.
Ndagwira sipanala ya teni kuti ndikafupikitse.
Nati yakutsogolo yamvera.
Yakumbuyo, ayi.
Ndikamamasula ikumanga, ndikamakakamiza ikulira,
ndipo chikopa cha pa mfundo ya chala chatsalira pa tcheni.
Ndatukwana m'chinenero chimene msewu uno sudziwa.

Koma a Beryl Hirst amva.
Asuzumira pa mpanda, kapu ya tiyi m'manja,
zaka makumi asanu ndi atatu, zambiri anazisiya m'fakitale ya nsalu
akudyetsa makina amene lero anasanduka nyumba zogona.
Sanafunse za magazi.
Ati, tandionetsa mutu wa natiyo.
Aona timizere tocheka m'mbali mwake, aseka ndi mphuno.
Mwanawe, iyi ndi ya mazinga akumanzere.
Siyikukana iwe. Ikupita kwawo.
Itembenuzire uko ukuganiza kuti n'kolakwa.

Ndatembenuza.
Yamasuka ngati sinakanepo chibadwire.

Kandodo kali ndi mitu iwiri yosagwirizana,
wina womangira kuno, wina womangira uko,
kuti ukapotoza pakati, yonse ibwere pamodzi.
Ndakhala kaye chete pa katoni paja.
Ndakumbukira Nasiwelo m'khitchini usiku wathawu,
ine kunena za kubwerera ku Balaka,
iye kunena za sukulu ya mwana,
mbale zikuuma zokha pa thebulo.

Ndapotoza kawiri ndi theka. Ndapaka girisi.
Yoyamba, gwe. Yachiwiri, gwe, koma mochedwa:
kamkono ka ku Wales n'kotalikirapo ndi chikhadabo chimodzi,
phazi liyenera kuyenda ulendo wautali kuposa kale.
A Hirst ati bweza, akubwezere ndalama zako.
Ndati positi yokha idya theka.
Ati ndiye phunzitsa phazi.
Alowa m'nyumba, abwera ndi pulasitala wa chala
ndi bisiketi imodzi yofewa ndi chinyezi.

Eyiti koloko ndiyenera kukhala ku Holmfirth,
kukatembenuza nkhalamba zisanu ndi imodzi m'mabedi mwawo.
Ndikwera phiri lija ndi zitsulo za njinga zitatu,
zosabadwira pamodzi, zomangidwa ndi nati ziwiri zotsutsana.
Pa getsi lofiira ndidzafufuza nyutulo ndi chala cha phazi,
mosamala, ngati wofufuza masilipasi mumdima
osafuna kudzutsa amene wagona.